Malo a mamita 6 kwa 3 kuseri kwa nyumba ku Chibavi: ndingasungemo nkhuku zingati?

Mayi wa ku Chibavi:

Moni nonse. Ndili ndi funso la khola, ndipo ndikanakonda kuti andiyankhe anzanga oweta nkhuku kuno ku Mzuzu, chifukwa mvula yathu ndi ya ku Lilongwe sizifanana.

Ndimakhala ku Chibavi. Puloti ndi yathu koma ndi yaing'ono. Pakali pano ndili ndi nkhuku zachikuda zazikazi 6, za Mikolongwe 2 ndi tambala mmodzi. Masana zimadziyendera, usiku zimagona pakona m'khitchini ya panja. Tsopano oyandikana nawo adzala mpiru ndi chainizi m'mbali mwa nyumba yawo, ndipo nkhuku zanga zikangotuluka m'mawa zikuthamangira komweko. Mayiwo sanandilalatire ayi, anangondiitana n'kundionetsa mabedi amene zapalasa. Zinandiwawa mumtima chifukwa ndiwo zimenezo ndi zomwe amagulitsa kuti apeze ya sopo. Ndaganiza zozitsekera.

Malo amene ndili nawo ali pakati pa khitchini ndi mpanda wa njerwa. Mwana wanga wayeza ndi tepi, ndi mamita 6 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi. Mita imodzi iyenera kutsala kuti ikhale njira yopitira kubafa, ndiye kwenikweni malowo ndi mamita 6 kwa 3. Dothi lake ndi katondo womata uja, ndipo madzi a padenga la nyumba amagwera pomwepo.

Ndimafuna ndifike pa nkhuku 30, kuti mazira azikwanira pakhomo, ena ndizigulitsa, komanso pofika Khirisimasi ndizikhala ndi atambala ogulitsa. Kalipentala amene ndalankhula naye akuti kakhola ka mamita 2 kwa 1 n'kokwanira chifukwa nkhuku zimagona mothinana. Mwana wanga wapeza pa intaneti kuti nkhuku imodzi imafuna masikweya fiti 4 mogona ndi masikweya fiti 10 panja. Kodi ziwerengero zimenezi ndi za kunja kokha, kapena zimagwiranso ntchito kwathu kuno? Ndili ndi malata 6 a mafiti 10 amene anatsala pomanga khitchini. Ndithandizeni ndisanagule matabwa.

Mphunzitsi wopuma wa ku Lupaso:

Amama, mwachita bwino kufunsa musanakhome msomali. Zimene mwana wanu wapeza n'zoona, ndipo nkhuku ya ku Chibavi imafuna malo ngati nkhuku ya kwina kulikonse. Tiyeni tiziike m'mamita kuti zigwirizane ndi tepi yanu. Masikweya fiti 4 ndi pafupifupi 0.37 ya sikweya mita, kutanthauza nkhuku zitatu pa sikweya mita imodzi m'nyumba yogona. Masikweya fiti 10 ndi pafupifupi sikweya mita imodzi pa nkhuku iliyonse pabwalo. Malo anu onse ndi masikweya mita 18. Ndiye ndikuuzeni mosabisa, nkhuku 30 pamenepo sizikwana. Zazikulu 14 kapena 15, tambala ali momwemo, ndizo zingakhale bwino chaka chonse.

Kalipentala wanu sakunama kuti nkhuku zimagona mothinana. Iye akuganiza za nkhuku ya kumudzi yomwe imalowa m'khola dzuwa litalowa n'kutuluka tambala akangolira kachiwiri, tsiku lonse ili kutchire. Zanuzi mukuzilanda ufulu umenewo. Malo amene muzipatse ndi momwe zizidyera, kumwera, kupalasa, kuikira, kuchita zitosi ndi kuthawirana. Kakhola ka mamita 2 kwa 1 mukaikamo nkhuku 30 ndiye kuti pa sikweya mita imodzi pali nkhuku 15. Kuno kwathu mvula imayamba cha mu Novembala kapena Disembala, imalimba mu Malichi ndi Epulo, kenako mawawa aja amatha kupitirira mpaka Juni. Masiku otere nkhuku zonse zimaunjikana pansi pa denga kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndi pamene mumaona kukula kwenikweni kwa khola lanu.

Nkhuku zili ndi ufumu wake. Pamakhala yaikulu imene imajompha zonse, ina yotsatira, mpaka yomalizira imene imajomphedwa ndi zonse koma yokha sibwezera. Zikamayenda panja, yofookayo imangopatuka ndipo nkhani imathera pomwepo. M'malo opanikizana ilibe kothawira. Zimayamba kuizula nthenga za kumchira, khungu likaonekera zimajompha, magazi akangotuluka zonse zimakhamukira pamenepo, ndipo imatha kufa tsiku lomwelo. Isanafike pamenepo imakhala itasiya kale kuikira chifukwa pachodyera siifikapo. Anthu akaona zimenezi amathamangira kugula mankhwala, pomwe chofunika n'kuchotsamo nkhuku zina.

Ndikanakhala ine ndikanamanga chonchi. Nyumba yogona ikhale mamita 2 kwa 2.5, zomwe ndi masikweya mita 5. Muikweze pa nsanamira pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, kuti kunsi kwake kukhalenso bwalo louma. Mukatero simutaya malo, bwalo limakhalabe masikweya mita 18 onse aja. Koma pansi pa nyumbayo mukhome matabwa ogundana bwino n'kuthirapo utuchi. Makola ambiri okwezedwa amakhala ndi mipata pansi kuti zitosi zizigwa zokha, ndipo kumudzi zimenezo n'zabwino, koma kwa inu zitosizo zizigwera pamsana pa nkhuku zomwe zabisala mvula kunsi.

M'kati muikemo mitengo yopingasa yogonapo. Nkhuku imodzi imafuna masentimita 25 a mtengo, ndiye nkhuku 15 zikufuna mitengo iwiri ya mamita 2 uliwonse. Italikirane masentimita 35 kapena 40, ndipo ikhale pa msinkhu umodzi. Wina ukakwera kuposa unzake, zonse zimalimbirana wapamwambawo madzulo aliwonse. Musaikweze kwambiri, masentimita 50 kapena 60 kuchokera pa matabwa n'kokwanira, chifukwa za Mikolongwe n'zolemera ndipo zikamadumpha kuchokera patali zimatupa kuphazi.

Zisa zoikiramo zikhale masentimita 30 mbali zonse. Mabuku amati chisa chimodzi pa nkhuku 4 kapena 5, koma amanena za nkhuku zomwe zimaikira n'kuchoka. Zachikuda zimakhalira mazira masiku 21 osafuna kusuntha, ndipo ina ikabwera kudzaikira momwemo mazira amasweka kapena kusakanikirana. Pangani zisa 5, ziwiri zikhale zoti mutha kuzitseka ndi kawaya. Zikhomereni kunja kwa khoma kuti zisadye malo a m'kati, ndipo muzitolera mazira osalowa m'khola.

Wa mazira ku Luwinga:

Adada, ndi ulemu wonse, ine ndikuona ngati mukuwachepetsera amayiwa mwayi. Ine ndimaweta za mazira zofiira zija ndipo ndimaika 6 pa sikweya mita, pa utuchi, zonse pansi pa denga, osatuluka n'komwe. Zimaikira bwinobwino. Ngakhale ku Ulaya lamulo lawo limalola mpaka nkhuku 9 pa sikweya mita m'makola a pansi. Masikweya mita 18 pa mlingo wangawu ndi nkhuku zoposa 100. Amayiwa akungofuna 30 zokha. Vuto lili pati? Malo mutauni ndi odula, sitingamawerenge ngati tili ku Mpherembe.

Mphunzitsi wopuma wa ku Lupaso:

Achimwene, mlingo wanuwo sindikuutsutsa, ndi umene oweta za mazira amagwiritsa ntchito. Koma taonani zimene zimachititsa kuti utheke. Nkhuku zanu ndi za msinkhu umodzi, zinabwera tsiku limodzi ndipo zidzachoka nthawi imodzi. Mulibe tambala, mulibe yokhalira mazira, mulibe anapiye oyenda pakati pa miyendo ya zazikulu. Ndikhulupirira milomo munazidula. Zimadya layers mash, chakudya chogula cha nkhuku za mazira, yokwanira zonse, ndipo utuchi mumautembenuza ndi kuusintha pa nthawi yake. Za amayiwa ndi zosakanikirana, milomo yathunthu, zinazolowera kuyenda mtunda tsiku lonse, ndipo chakudya chake chambiri chikhala madeya ndi zotsala za m'khitchini. Nkhuku imene ikusowa zomanga thupi imayamba kudya nthenga za inzake, ndipo kupanikizana kumangofulumizitsa zimenezo.

Lamulo la ku Ulaya lomwelo limanenanso kuti mazira otchedwa a nkhuku zoyenda panja achokere ku nkhuku zokhala ndi masikweya mita 4 iliyonse kubwalo. Ndiye sikweya mita imodzi imene ndikunenayi si yowolowa manja ayi, ndi poyambira chabe.

Palinso nkhani ya thumba. Nkhuku yoikira imadya pafupifupi magalamu 120 patsiku. Nkhuku 100 mukunenazo zimamaliza makilogalamu 12 patsiku, thumba la makilogalamu 50 silipitirira masiku anayi. Zimenezo ndi bizinesi, ndipo amayiwa akafuna bizinesi yotero afolere malo onsewo, agulitse zachikudazo, ayambe mwatsopano. Koma 30 zachikuda zimene kale zinkadzipezera ziwala ndi chiswe, tsopano zizidikira makilogalamu oposa atatu patsiku kuchokera m'manja mwawo. 15 zikufuna osafika makilogalamu awiri, ndipo pamenepo madeya, masamba ndi nyenyeswa za usipa zitha kuthandiza ndithu.

Mayi wa ku Chiputula:

Asisi, ine ndikufuna ndikambe za matope, chifukwa masamu onsewa akhoza kukhala olondola koma nkhuku n'kumadwalabe. Kwathu kuno n'kotsika ngati kwanu komweko. Udzu umene uli pamalo anuwo muuiwale, nkhuku zikangotsekeredwa umatha m'masabata ochepa n'kutsala dothi lokhalokha. Katondo akaponderezedwa ndi mapazi a nkhuku samwa madzi. Mvula ikagwa pamakhala phala la matope ndi zitosi, nkhuku zimaponda m'menemo, zimalowa nazo m'zisa, mazira amatuluka akuda, ndipo zimamwa madzi a m'zithaphwi zomwezo kusiya oyera amene mwaziikira. Kenako mumayamba kuona zitosi zamagazi, makamaka kwa tinkhuku ta miyezi iwiri, titazyolika mapiko tagwa. Ndi coccidiosis imeneyo, ndipo tizilombo take timakhwimira m'zitosi zonyowa. Njoka za m'mimba nazonso zimachulukira malo omwewo.

Ndiye musanaganize za khola, yambani mwachotsa madzi a padenga la nyumba yanu. Ikani gata, kapena kumbani ngalande yowatulutsira kunja kwa mpanda. Kenako kwezani pansi pa bwalo lonse ndi masentimita 10 kapena 15 kuti pakhale pamwamba kuposa pozungulira. Ine ndinathira zidutswa za njerwa pansi, pamwamba mchenga wa kumtsinje. Mchenga umauma msanga ndipo zitosi zimachoka ndi reki. Utuchi musathire pamtetete pomwe pamagwa mvula, umavunda n'kuyamba kununkha, ndipo fungolo lidzakudanitsani ndi oyandikana nawo kuposa nkhani ya mpiru ija.

Utuchi ndi wa pansi pa denga basi. Mwayi wathu kuno matabwa a ku Chikangawa ali ponseponse, ndipo kwa opala matabwa cha ku Zigwagwa mumapeza matumba. Pemphani zopalidwa ndi makina zija zokhala ngati timaliboni, osati fumbi la sowo, chifukwa fumbilo limazitsokomoletsa ndipo anapiye amalidya. Mankhusu a mpunga a kuchigayo nawonso amagwira ntchito bwino. Thirani mochindikala masentimita 8 mpaka 10. Kuti mudziwe ngati wanyowa, fumbatani dzanja limodzi. Ukagwirana n'kukhala chibuma, nthawi yosintha yakwana. Mukalowa m'mawa n'kumva maso akuwawa ndi fungo, dziwani kuti nkhuku zapuma mpweya umenewo usiku wonse.

Apa pali chinthu chimene ambiri timachita chifukwa cha chisoni. Juni ndi Julayi akafika timatseka khola lonse ndi masaka ndi mapulasitiki poopa kuzizira. Nkhuku yaikulu kuzizira kwa ku Mzuzu imapirira, nthenga ili nazo. Chimene sichipirika ndi chinyezi ndi mphepo yowomba pathupi. Tsekani mbali imene mwera umachokera, kummwera chakum'mawa, ndipo musiye mpata wa waya m'mwamba pafupi ndi denga, pamwamba pa mitu ya nkhuku zikagona, kuti mpweya woipa uzituluka.

Kunsi kwa khola kouma kuja ikaniko tayala lakale lodzaza mchenga wosakaniza ndi phulusa. Nkhuku zimasamba m'menemo ndipo utitiri umachepa. Nsanamira muzipake oyilo wakutha wa galimoto, amathandiza ku chiswe komanso linthumbu, lomwe nthawi ya mvula limatha kulowa usiku n'kupha anapiye onse.

Mayi wa ku Chibavi:

Zikomo kwambiri nonse. Adada a ku Lupaso, 15 yandipweteka pang'ono chifukwa m'mutu mwanga munali 30, koma ndamvetsa. Bizinesi ya achimwene a ku Luwinga sindingaikwanitse panopa, thumba pa masiku anayi ndilibe. Asisi a ku Chiputula, zimene mwafotokozazo ndi momwe pamakhalira kuseri kwanga mu Epulo, ngakhale opanda nkhuku.

Ndatsala ndi mafunso awiri. Malata anga 6 aja akwanira pati? Chachiwiri n'chimene chikundisowetsa tulo. Ziwiri mwa zachikuda zija zikukhalira mazira panopa, ina 11 ina 12. Zikaswa ndidutsa kale 15 ija khola lisanathe n'komwe. Kodi anapiye amawerengedwa nawo?

Mphunzitsi wopuma wa ku Lupaso:

Amama, za malata n'zosavuta. Lata la mafiti 10 ndi pafupifupi mamita 3 m'litali, ndipo likalumikizidwa ndi linzake limafunda masentimita 70 kapena kuposerapo pang'ono m'lifupi. Malata 6 afunda pafupifupi mamita 4 mwa mamita 6 anu aja. Ndiye atatu apite pa nyumba yogona, atatu afunde bwalo moyandikana nayo, ndipo mamita 2 otsalawo akhale a waya wokha pamwamba kuti dzuwa lizilowa. Dzuwalo likufunika, limaumitsa pansi ndipo nkhuku zimakonda kuothera. Denga lipendekekere kumene kuli ngalande, osati m'bwalo. Zodyera ndi zomwera zikhale kofundidwa, ndipo muziike malo awiri otalikirana kuti yaikulu ija isathe kulondera zonse. Nkhuku iliyonse ipeze masentimita 10 pachodyera.

Funso lanu lachiwiri ndi limene lili pamtima pa nkhaniyi. Khola la nkhuku zachikuda silimangidwa poona zimene zilipo lero. Yachikuda imaikira mazira 10 mpaka 15, imakhalira, imalera, kenako imayambiranso, ndipo imatha kutero katatu pachaka. Zikamayenda panja anapiye ambiri amatha ndi akabawi, akhwangwala, agalu ndi mame a m'mawa, n'chifukwa chake gulu silikula msanga. Mukazitsekera bwino ambiri apulumuka, zomwe n'zosangalatsa, koma pakatha miyezi inayi aliyense akufuna sikweya mita yake.

Dulani kachigawo ka mamita 2 kwa 1 pakona yofundidwa, ndi waya wa maso ang'onoang'ono, wa mamilimita 13, chifukwa pa wamba uja anapiye amatulukira ndipo makoswe amalowera. M'menemo muzikhala make mmodzi ndi ana ake kwa masabata 6 mpaka 8. Awiri amene akukhalirawo musawaphatikize, amajomphana ndipo amapha ana a mnzake, ndiye mugawe kachigawoko pakati poyamba. Ali aang'ono chonchi sawerengedwa. Akafika miyezi itatu ayambeni kuwawerenga ngati theka la nkhuku, pa miyezi isanu ndi nkhuku zathunthu.

Apa ndi pamene 30 yanu ija ikubwerera mwa njira ina. Simungasunge 30 nthawi imodzi, koma pachaka mutha kudutsitsa zoposa pamenepo m'khola lomweli ngati muzichotsa pa nthawi yake. Tiatambala tikangoyamba kuyesa kulira, tigulitseni kapena mudye, chifukwa tambala mmodzi amakwanira zazikazi 10, ndipo awiri okhwima m'malo ang'ono chonchi amamenyana n'kuzula zazikazi nthenga za pamsana. Misoti yooneka bwino isungeni ilowe m'malo mwa zokalamba. Ngati mukufuna atambala a Khirisimasi, khalitsani mazira cha mu Juni kapena Julayi, anapiyewo muwateteze ku mphepo, ndipo miyezi ina muzitola mazira tsiku ndi tsiku kuti zisamakhalire zonse.

Chitopa musachiiwale. Nkhuku zokhala pamodzi zikagwidwa zimatha m'masiku ochepa, ndipo matendawa amavuta kwambiri nthawi yotentha, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Novembala. Katemera wa I-2 ndi dontho limodzi m'diso, miyezi inayi iliyonse, kwa zonse ndi anapiye omwe. Alangizi a ziweto a kudera lanu akuuzani kumene akupezeka. Nkhuku yogula pamsika kapena yopatsidwa ndi achibale iyambe yakhala payokha masabata awiri isanalowe m'gulu.

Wa mazira ku Luwinga:

Pa zachikuda ndavomera, adada, ngakhale ndikuonabe kuti 18 zikhoza kukwana ngati mchenga uja ukhala wouma. Amama, chimodzi chokha muwauze akalipentala. Mpanda wa waya ukhale wotalika mamita 1.8 ndipo chitseko chikhale chachikulu choti wilibala ilowe. Akakumangirani bwalo lalifupi loti muzilowa chowerama, kusesa kudzakutopetsani ndipo mudzayamba kudumphitsa masiku. Waya wa m'munsi aukwirire masentimita 30 pansi chifukwa agalu amakumba. Kumbuyo kwa nyumba yogona aikeko chitseko china chotambalala, chofika pa matabwa penipeni, kuti muzikokera utuchi ndi fosholo molunjika mu wilibala. Manyowa amenewo akaola miyezi iwiri kapena itatu amakhala abwino kwambiri pa masamba, ndipo a madimba amawafuna. Loko agule wolimba, ndipo mahinjesi akhomere m'kati.